Lekani kusankha osewera basiketibolo ndi tepi ya telala

Chaka chatha ndinali kumudzi kwathu kufupi ndi Milepa, m'boma la Chiradzulu, ndipo tsiku lina masana ndinaona chinthu chimene chakhala chikundidya mumtima mpaka lero. Pa sukulu ina ya sekondale kumeneko, munthu wina wakufuna kwabwino anamangira ana kabwalo ka simenti n'kuimikapo mizati iwiri ya basiketibolo. Tsiku losankha timu litakwana, aphunzitsi a zamasewera anaitana anyamata onse n'kuwandandalika kukhoma, kuyambira wamtali mpaka wamfupi. Anawerenga anyamata 12 kuchokera kumutu kwa mzere, otsalawo n'kuwauza kuti akayese mwayi ku mpira wamiyendo. Nthawi yonseyi mpira wa basiketibolo unali chikhalire patsinde pa mtengo, popanda ndi mmodzi yemwe woukhudza.

Pakati pa obwezedwawo panali kamnyamata kena kamene ndinali nditakaona dzulo lake pakhonde la golosale pamsika, kakunjanjitsa mpira wakutha ndi dzanja lamanja, kenaka lamanzere, maso ali kwa anzake osati pansi. Aliyense wodziwa masewerawa akanaona kuti m'manja mwa mwanayo muli chuma. Koma mutu wake unkalekeza m'mapewa mwa anzake, choncho mlandu wake unagamulidwa usanazengedwe.

Patapita milungu ingapo timu ija inapita kukasewera m'tauni, ine n'kutsatira. Mwa anyamata 12 aja, mmodzi yekha ndiye ankatha kuyenda ndi mpira mdani ali pamphuno. Anzawo a m'tauni sanachedwe kuzindikira. Anamuikira anthu awiri, anamutopetsa, iye pofuna kubwezera anayamba kuchita mafaulo, ndipo chigawo chachitatu chisanathe anali atatulutsidwa. Zimene zinatsatira zinali zomvetsa chisoni. Ataliatali aja ankangokankhirana mpira ngati khala lamoto, osatha ngakhale kuwoloka nawo mzere wapakati. Pobwerera m'minibasi aphunzitsi aja ankangodandaula kuti ana a m'tauni amadya bwino n'chifukwa chake ndi ojintcha. Phunziro lonse linawadutsa.

Ndiye ndati ndinene poyera, wokwiya akwiye. Mchitidwe wosankha osewera ndi tepi ya telala ndi ulesi, ndipo timu ina iliyonse, kaya ndi ya sukulu ya kumudzi kaya ya akatswiri olipidwa mamiliyoni, imene ili ndi woyendetsa mpira mmodzi yekha, ikugona m'nyumba ya mzati umodzi. Tsiku limene chiswe chidzadye mzatiwo, denga lidzagwera onse, aatali ndi aafupi omwe.

Kwa awerengi amene sadziwa bwino masewerawa, ndifotokoze pang'ono. Timu imalowetsa osewera asanu. Awiri mwa iwo amasewera chakumbuyo, ndipo mmodzi wa awiriwa, amene eni masewerawa amamutcha point guard, ndiye woyendetsa mpira. Iyeyu ndi amene amaulandira kumbuyo, kuudutsitsa pakati pa adani, kuuza anzake poti aime, ndi kusankha woti aponye. Malamulo a bungwe la FIBA amati masewero ndi a mphindi 40. Timu ikatenga mpira kumbuyo kwake ili ndi masekondi 8 okha oti iwoloke nawo mzere wapakati, ndi masekondi 24 oti iponye. Wosewera akachita mafaulo 5 amatuluka osabweranso. Tsono taganizani munthu mmodzi akuthamanga bwalo la mamita 28 kupita ndi kubwera kwa mphindi 40, mdani atamukakamira ngati nkhupakupa. Adzatopa, kapena adzavulala, kapena mafaulo adzamukwana. Chimodzi mwa zitatuzi sichilephera. Funso limene kochi wanzeru amadzifunsa mpikisano usanayambe ndi lakuti: ameneyu akakhala pansi, mpira ndiupereka kwa yani?

Wamtali uja amene waima pansi pa mkombero wa mamita 3.05 ali ngati munthu amene wasamba m'manja kudikira nsima. Ngati palibe wopita kuchigayo, agona ndi njala ndi msinkhu wake womwewo.

Makochi athu ali ndi yankho lawo limene amalikonda. Amati luso umatha kumuphunzitsa mwana koma msinkhu sungamuphunzitse. Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma tawafunsani kuti nanga lusolo amaliphunzitsa liti. Mwana wamtali akangosankhidwa amauzidwa kuti aime pansi pa mkombero ndipo asayerekeze kunjanjitsa mpira. Amatha zaka zinayi ku sekondale dzanja lamanzere likadali la mlendo. Wamfupi amene akanaphunzira msanga anathamangitsidwa kale tsiku loyamba. Mapeto ake onse awiri taluza.

Inu amene munakhalako kunja zaka zija, ku Lusaka, ku Harare, ku London kapena ku America, ena mwa inu munaonera ndi maso zimene zinachitika mu ligi ya NBA mu 1989, pamene ife kuno wailesi yakanema tinkangoimva mbiri. Timu ya Los Angeles Lakers inafika mu ndime yomaliza itapambana masewero 11 otsatizana osagonja ndi kamodzi komwe. Woyendetsa mpira wawo anali Magic Johnson, wamtali mamita 2.06, munthu amene dziko lonse linkamugwadira. Masiku ochepa ndime yomaliza isanayambe, mnzake wosewera naye kumbuyo, Byron Scott, anang'ambika mnofu wa kuseri kwa ntchafu pa zokonzekera. Pa masewero achiwiri Magic nayenso anavulala malo omwewo. Basi, nkhani inathera pomwepo. Detroit Pistons inawakwapula masewero anayi otsatizana n'kutenga chikho.

Nanga Detroit inali ndi chiyani? Inali ndi anthu atatu odziwa kuyenda ndi mpira, ndipo panalibe chimphona pakati pawo: Isiah Thomas wa mamita 1.85, Joe Dumars wa 1.91, ndi Vinnie Johnson wa 1.88 amene ankayambira pa benchi. Kochi wawo Chuck Daly ankawasinthanitsa kotero kuti nthawi zonse m'bwalo munali awiri a mpweya wokwanira. Chaka chotsatira, mu 1990, anatetezanso chikhocho, ndipo amene anaponya mpira wopambanitsa ku Portland kutatsala sekondi yosakwana imodzi anali Vinnie Johnson, wa pa benchi uja.

Mbiri imeneyi yakhala ikudzibwereza. Mu 2012 Chicago Bulls inali pamwamba pa matimu onse a chigawo chakummawa, koma zonse zinkadutsa m'manja mwa Derrick Rose. Pa masewero oyamba a ndime yochotsana, kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi owerengeka, timu yake ikutsogola ndi mapointi 12, Rose anali akadali m'bwalo ndipo anaduka mtsempha wa bondo. Chicago inatulutsidwa ndi Philadelphia, timu imene inalowa m'ndimeyo ili pa nambala 8. Mu 2018 Houston Rockets inkatsogola Golden State Warriors masewero atatu kwa awiri, kutatsala amodzi okha kuti ifike mu ndime yomaliza. Chris Paul anavulala ntchafu, Houston inagonja masewero awiri otsalawo.

Wina anena kuti woyendetsa wachiwiri sangafanane ndi woyamba, ndipo n'zoona. Pa 22 June 2025, pa masewero otsiriza olimbirana chikho cha NBA, Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers anaduka mtsempha wa chidendene m'chigawo choyamba, ndipo Indiana inagonja kwa Oklahoma City Thunder 103 kwa 91. Koma onani kusiyana kwake. Indiana inali ndi T.J. McConnell, wa mamita 1.85, munthu amene matimu onse anamudumpha posankha osewera atsopano mu 2015. Popita kokapuma Indiana inali patsogolo 48 kwa 47, ndipo McConnell anamaliza ndi mapointi 16. Inagwa ikumenya nkhondo, mutu uli m'mwamba. Woyendetsa wachiwiri salonjeza chikho. Chimene amalonjeza n'chakuti ngozi ya munthu mmodzi isasanduke maliro a timu yonse.

Koma tisapite kutali ngati kuti nzeru zili ku America kokha. Tiyang'ane kwa anzathu a m'chigawo chathu chomwechino. Angola ndiyo yatenga chikho cha AfroBasket kambirimbiri m'zaka zathu zino: ka 11 pakati pa 1989 ndi 2013, kenaka ka 12 mu August 2025, pamene inagonjetsa Mali 70 kwa 43 ku Luanda. Kodi mukudziwa amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano umenewo wa Africa yense? Childe Dundão, woyendetsa mpira, wamtali mamita 1.67. Ndikubwereza: 1.67. Munthu ameneyu akanabadwira ku Milepa n'kuima pa mzere uja wa kukhoma, akanauzidwa kuti apite ku mpira wamiyendo. Ndi yemweyu amene anali m'timu ya Petro de Luanda pamene inatenga chikho cha Basketball Africa League mu 2024.

Chitsanzo china ndi South Sudan, dziko limene limadziwika ndi anthu ataliatali zedi. Manute Bol, wa mamita 2.31, anachokera kumeneko. Ngati msinkhu wokha ukanakhala wokwanira, dzikolo silikanavutika kuyang'ana kwina. Koma pamene Luol Deng ankamanga timu imene inakafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024, chiwongolero anachipereka kwa Carlik Jones, wobadwira ku Cincinnati, wa mamita 1.83. Pa masewero okonzekera ku London mu July chaka chimenecho, South Sudan inagonja kwa America ya LeBron James ndi pointi imodzi yokha, 101 kwa 100, ndipo Jones ndiye ankayendetsa zonse. Dziko la zimphona linazindikira kuti zimphona zimafuna wozidyetsa.

Za Manute Bol zikundikumbutsa chithunzi chimene ambiri munachionapo. Mu 1987 timu ya Washington Bullets inali ndi Bol pamodzi ndi Muggsy Bogues, wa mamita 1.60, wamfupi kuposa wina aliyense amene anasewerapo mu NBA. Anthu ankaseka powaona ataima limodzi. Koma Bogues anasewera zaka 14 mu ligi imeneyo, kuposa zimene Bol anasewera, chifukwa kulanda mpira m'manja mwake kunali ngati kulanda fupa kwa galu. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Bogues anaidziwa nyimbo yake.

Tsopano tibwere kwathu kuno, tiyang'anane m'maso. A Malawi ambiri sitili anthu a msinkhu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Imeneyi ndi nkhondo ya pamphika ndi kumunda, ndipo iyenera kumenyedwa payokha. Koma pa bwalo la masewero tanthauzo lake n'lakuti tikamapikisana ndi Senegal, Mali kapena South Sudan pa msinkhu, tagonja tisananyamuke pa Chileka. Mwana amene ife timamutcha chimphona ku Chiradzulu, ku Dakar amasewera kumbuyo. Timu yathu ya amuna sinafikepo ku AfroBasket. Kodi tipitiriza kukumba pomwe palibe mbewa mpaka liti?

Chodabwitsa n'chakuti yankho tili nalo m'nyumba mwathu momwe. Atsikana athu a mpira wamanja, ma Queens, akhala akukumana ndi matimu a anthu otalika kuwaposa kwa zaka zambiri. Mu April 2018, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Inde, anali ndi Mwai Kumwenda woponya. Koma aliyense amene anaonera amadziwa kuti mpira unkamupeza chifukwa anzake apakati ankausunga, kupatsirana pafupipafupi, modekha, osautaya, mpaka mpata utapezeka. Sanakule msinkhu usiku umodzi. Anakana kupereka mpira kwa mdani. Nzeru imeneyi ndi yathuyathu, ndipo makochi a basiketibolo safunika pasipoti kuti akaiphunzire.

Ndisanamizidwe kuti ndikunena kuti msinkhu ulibe ntchito. Uli nayo, ndipo ndi yaikulu. Timu ikakhala ndi aafupi awiri kumbuyo nthawi imodzi, adani ochenjera amawasaka. Amatchingira dala kuti wamfupi atsale ndi wamtali, kenaka n'kuponya pamwamba pa mutu wake kapena kumukankhira pansi pa mkombero. Boston Celtics inatenga chikho mu 2024 ili ndi Jrue Holiday ndi Derrick White kumbuyo, onse a mamita 1.93. Oklahoma City ya 2025 inkayendetsedwa ndi Shai Gilgeous-Alexander wa mamita 1.98. Koma funsani kuti anthu amenewa anafika bwanji pamenepo. Ndi aatali amene anapatsidwa mpira m'manja ali ana, osauzidwa kuti akaime ngati mlongoti. Choncho zitsanzo zimenezi zikutsutsa makochi athu omwewo. Ngati mukufunadi msinkhu kumbuyo, phunzitsani mwana wamtali kunjanjitsa mpira. Ngati muli ndi wamfupi waluso, muikeni pambali pa wamtaliyo kuti azitchinjirizana. Njira zonse ziwiri zimafuna thukuta la kochi. Tepi ya telala yokha ndiyo siifuna thukuta, n'chifukwa chake imakondedwa.

Palinso matenda ena amene amapha woyendetsa wachiwiri ngakhale m'matimu amene ali naye. Kochi amamusunga pa benchi chaka chonse ngati tayala lapadera limene silinapopedwepo. Timu ikutsogola ndi mapointi 30, woyamba uja akadali m'bwalo, chifukwa kochi akufuna kuti mawa anthu akambe za kuchuluka kwa zigoli. Kenaka tsiku la tsoka likafika amatembenukira ku benchi n'kuuza mwana amene sanasewerepo mphindi zisanu zotsatizana kuti apulumutse timu. Mwanayo akalandidwa mpira kawiri, kochi amatambasula manja kuyang'ana anthu ngati akunena kuti mwaona nokha. Ayi bambo, taona inuyo. Galu wosaka sadyetsedwa tsiku la uzimba.

Nkhaniyi ili ndi mtengo wake wa ndalama. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikunyamula mbendera yathu m'mipikisano yolimbirana malo mu Basketball Africa League, ligi imene mabungwe a NBA ndi FIBA anakhazikitsa ndipo inaseweredwa koyamba ku Kigali mu 2021. Khomo limenelo ndi lotsegukira kalabu iliyonse imene ingakhale akatswiri a dziko lino. M'mipikisano yotere matimu amasewera masiku otsatizana, lero, mawa ndi mkuja, miyendo osapuma. Kalabu ya ku Malawi imene yasonkhanitsa ndalama movutikira kuti ikwere ndege siingakwanitse kuti ulendo wonse uthere pa bondo la munthu mmodzi. Ndipo ikapeza kangachepe kolembera wosewera wakunja, chiyeso chimakhala chothamangira chimphona. Ine ndikuti yambani mwawerenga manja amene angathe kuwolotsa mpira adani atatchinga bwalo lonse. Akakhala osakwana atatu, ndalamazo zipite kumeneko.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo silifuna thandizo la maiko akunja. Kwa aphunzitsi a zamasewera m'sukulu zathu: tsiku losankha timu, mpira ukhale m'manja mwa ana. Aliyense anjanjitse ndi manja onse awiri, apatsire, athamange, kenaka muyang'ane msinkhu pomaliza. Pa ana 12, atatu akhale oyendetsa mpira, ndipo wamtali kwambiri aziphunzira nawo limodzi. Kwa makochi a makalabu: woyendetsa wachiwiri azilowa m'chigawo choyamba pa masewero alionse, pamene zinthu zikadali zothina, ndipo azisewera mphindi zosachepera 12. Mukagonja masewero amodzi kapena awiri chifukwa cha zimenezi, imeneyo ndi fizi ya sukulu. Kwa akuluakulu a BASMAL, bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko muno: m'mipikisano ya ana ikani lamulo loti mwana aliyense wolembedwa asewere chigawo chathunthu, ndipo pofufuza luso musalekezere ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuphunzitsa woponya kumafuna mkombero, koma kuphunzitsa woyendetsa kumangofuna mpira umodzi ndi malo osalala. Khonde la sitolo likwanira. Malo otere ali pa Milepa, pa Namitambo, pa Mbulumbuzi ndi pa msika uliwonse m'dziko muno.

Kwa inu makolo ndi achibale amene muli m'tauni kapena munabwera kuchokera kunja ndi kangachepe: mukamapita kumudzi nyamulaniko mpira. Mukaupereke kwa mwana amene amaukonda, osayamba mwamuyeza.

Kamnyamata kaja ndinakapezanso pamsika ndisanabwerere. Kanali pakhonde lomwe lija, ndi mpira wakutha womwe uja, koma tsopano kankauponda ndi phazi. Ndinakafunsa ngati kadzayesenso chaka chamawa. Kanandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, ine sindikula." Mwana wa fomu 1 waweruzidwa kale, ndipo chiweruzocho wachivomera. Sindikudziwa ngati akanadzakhala Dundão wathu, ndipo aphunzitsi ajanso sakudziwa, chifukwa sanamupatse mpira kuti aone. Mlandu wanga ndi umenewo. Dziko la anthu ochepa msinkhu limene limataya ana aluso chifukwa chochepa msinkhu likudzitema lokha nkhwangwa paphazi, ndipo likamadzagonja kunja lisadzanamizire kuti anzathu amadya bwino.